PHUNZIRO 17: FUMBI LA AMIANTO, MDANI WA MAPAPO ATHU

Anzathu a m'kooperativa, m'maphunziro apitawa tinawerenga za anankafumbwe amene amadya chimanga m'nkhokwe, ndiponso za mbozi zimene zimaononga thonje. Tinaona kuti mlimi ayenera kudziwa adani a mbewu zake. Lero tiwerenga za mdani wa mlimi mwiniwake. Ameneyu sadya chimanga ayi. Amaononga mapapo a munthu.

Dzina lake m'Chipwitikizi ndi amianto. Abale athu amene anagwirako ntchito ku Zimbabwe ndi ku Joni amati asibesitosi. Ndi chinthu chimodzi chomwecho.

Tiyambe ndi kuwerenga mawu awa mokweza, tonse pamodzi:

a-mi-a-nto
lu-sa-li-te
u-lu-si
fu-mbi
ma-pa-po

1. AMIANTO NDI CHIYANI?

Amianto ndi mwala wokumba pansi, monga amakumbira malasha ku Moatize. Koma mwala umenewu ndi wachilendo. Ukauphwanya, umatulutsa ulusi wofewa ngati thonje. Ulusi wake supsa ndi moto, suola ndi madzi, suchita dzimbiri, ndipo chiswe sichiudya.

Eni mafakitale ataona zimenezi anakondwera kwambiri. Anasakaniza ulusiwo ndi simenti napanga malata ofolera nyumba, mapaipi a madzi ndi matanki. Anauika m'mabuleki a galimoto ndi m'malo otentha a injini. Malata otuwa aja, olemera, amene ife timawatcha lusalite, ndi simenti yosakaniza ndi amianto. Pa magawo 100 a lata lotere, magawo 10 mpaka 15 ndi amianto. Dzina loti lusalite linachokera ku kampani imene inkapanga malatawa, ndipo fakitale yake ina inali ku Dondo, pafupi ndi Beira.

Mitundu yodziwika ya amianto ilipo itatu: woyera, wofiirira ndi wabuluu. Wabuluu ndi wofiirira ndiwo oopsa koposa. Koma tisanamizane kuti woyera ndi wabwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene m'Chipwitikizi amalifupikitsa kuti OMS, linanena poyera kuti mitundu yonse ya amianto imayambitsa khansa.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lusalite ndi wotero. Nyumba yake imakhala yozizirira, mvula sichita phokoso padenga, koma m'kati mwa latalo muli ulusi wopha.

2. ALI KUTI PAKATI PATHU?

Wina anena kuti, “Ife ndife alimi, sitigwira ntchito m'fakitale. Zitikhudza bwanji?” Tiyeni tiyende ndi maso m'mudzi mwathu.

Taonani denga la nyumba yosungiramo mbewu za kooperativa. Taonani denga la sukulu yakale, la sitolo yakale, la chigayo, la chipatala chaching'ono. Ambiri mwa madenga amenewa anafoleredwa ndi lusalite m'nthawi ya atsamunda ndi m'zaka zotsatira ufulu wa 1975.

Taonani mapaipi akale otuwa obweretsa madzi kudimba, ndi matanki akale osungira madzi.

Taonani pamene amakonzera thirakitale ndi lole. Mabuleki akale, kilatchi yakale, ndi timapepala tolimba totsekera polumikizira zitsulo za injini ndi za pampu, zambiri mwa izi zinapangidwa ndi amianto. Makaniko akatsegula gudumu n'kupemerera fumbi lakuda lija ndi pakamwa, amadziuzira yekha matenda kumaso.

Tsono taonani zimene timachita ndi zidutswa za lusalite wosweka. Timafolera khola la nkhuku. Timatchingira khola la nkhumba. Timaika m'mphepete mwa mabedi a ndiwo zamasamba. Ena amayanikirapo ufa, ena amakazingirapo mtedza. Ana amatola tizidutswa n'kumalembera pansi ngati choko. Timati tikusamala chuma, osataya kanthu. Koma apa pokha kusataya kumatipweteka.

3. FUMBI LIMENELI LIMALOWA BWANJI M'THUPI?

Fumbi timalidziwa tonse. Pomenya nyemba, popeta mapira, polima m'mwezi wa Okutobala, fumbi limatilowa m'mphuno. Timayetsemula, timatsokomola, timamina, lambiri limatuluka. Thupi lili ndi alonda ake: tiubweya ta m'mphuno ndi mamina.

Fumbi la amianto ndi lina. Taganizani za chitedze. Tiubweya ta chitedze timauluka ndi mphepo, ndipo sitioneka bwino, koma tikakufika pakhungu umadziwa nthawi yomweyo, umathawa. Tiulusi ta amianto ndi tating'ono kuposa ta chitedze, ndi topyapyala kuposa tsitsi kambirimbiri. Maso sationa. Tilibe fungo. Ndipo choopsa chake ndi ichi: m'chifuwa sitiyabwa. Munthu amapuma, osadziwa kanthu, n'kupitiriza ntchito yake akuimba nyimbo.

Tiulusi timeneti timadutsa alonda a m'mphuno n'kutsikira pansi penipeni pa mapapo, m'timatumba tating'ono mmene mpweya umalowera m'magazi. Kumeneko timabaya n'kukhala. Asilikali a m'thupi amabwera kuti atimeze, koma amalephera, pakuti ndi mwala, susungunuka. Nkhondoyo imapitirira chaka ndi chaka. Pamene pali nkhondo pamatsala zipsera. Zipsera zikachuluka, mapapo amene anali ofewa ngati siponji amauma ngati chikopa cha ng'ombe choyanika padzuwa.

Tikumbukire bwino mfundo iyi: lata lathunthu, losasweka, limene lili phee padenga, silitulutsa fumbi lambiri. Fumbi limatuluka pamene ticheka, tiboola, tipala, tiphwanya, kapena tisesa zinyenyeswa zouma. Limatulukanso lata likakalamba n'kuyamba kufumbutuka lokha.

Nanga madzi a mvula ochokera padenga la lusalite? Nanga madzi oyenda m'mapaipi ake? A OMS anafufuza, ndipo sanapeze umboni wokhazikika woti kumwa madzi otere kumadwalitsa. Njira yaikulu ya matendawa ndi kupuma. Choopsa pa paipi ndi tsiku limene tiidula ndi sowo.

4. MATENDA AKE

Matenda oyamba dzina lake ndi asbestose. Ndiwo kuuma kwa mapapo kuja. Munthu amayamba kuchita befu pokwera chitunda. Kenaka befu popalira. Kenaka befu ngakhale popita kuchimbudzi. Amatsokomola chifuwa chouma chosatha. Ena nsonga za zala zawo zimatupa ngati ndodo zoimbira ng'oma. Matendawa amaonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposa, makamaka kwa amene anapuma fumbi lambiri nthawi yaitali.

Achiwiri ndi khansa ya m'mapapo. Apa timvetsetsane, ife olima fodya. Fodya payekha amayambitsa khansa ya m'mapapo. Amianto payekha amayambitsanso. Koma zikakumana m'chifuwa chimodzi, ngozi imachuluka kwambiri kuposa kungophatikiza ziwirizi. Zili ngati moto ndi mphepo ya m'chilimwe.

Achitatu dzina lake ndi lalitali: me-so-te-li-o-ma. Imeneyi ndi khansa ya kachikopa kopyapyala kokuta mapapo, kapena kokuta za m'mimba. Mukasenda mbuzi mumakaona kachikopa kotere. Munthu amamva kupweteka m'nthiti, m'chifuwa mumadzaza madzi, amaonda. Pafupifupi onse odwala matendawa anapumako amianto. Amatha kubisala zaka 20 mpaka 50. Ndipo safuna fumbi lambiri ayi: ena anadwala atagwira ntchito miyezi yowerengeka, ena sanagwire n'komwe.

Amianto amayambitsanso khansa ya kholingo, ndi khansa ya ziwalo za amayi zimene zimapanga mazira.

Mankhwala ochotsa ulusi umenewu m'mapapo kulibe. Kuchipatala kulibe, kwa asing'anga kulibe. Kumigodi anthu ankauzana kuti kumwa mkaka kumatsuka fumbi. Si zoona. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo. Madokotala angathe kuchepetsa ululu, kuchotsa madzi m'chifuwa, kuthandiza munthu kupuma, ndi kulimbana ndi khansa ikapezeka msanga. Koma zipsera sizibwerera m'mbuyo. Chifukwa chake chida chathu chachikulu ndi kupewa.

A OMS amawerengera kuti anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lapansi chifukwa chopuma amianto pantchito.

5. ZINADZIWIKA LITI?

Mwina tiganiza kuti eni migodi sankadziwa. Tiyeni tiwerenge zaka.

Mumzinda wa Rochdale, ku England, munali mayi wina dzina lake Nellie Kershaw. Ankapota ulusi wa amianto m'fakitale ya Turner Brothers. Anamwalira mu 1924 ali ndi zaka 33. Dokotala William Cooke anayesa mapapo ake napeza kuti ndi odzaza zipsera ndi tizidutswa ta amianto, ndipo analemba zimenezi kuti madokotala anzake awerenge. Kampani inakana kumulipira ali moyo, inakananso kuthandiza pamaliro. Mu 1931 boma la Britain linaika malamulo oyamba ochepetsa fumbi m'mafakitale a amianto a kwawo.

Koma malamulo amenewo sanafike kuno ku Africa, kumene mwalawo unkakumbidwa. Kampani ya Turner & Newall, mwini wa fakitale ya ku Rochdale ija, inalinso ndi migodi ya amianto ku Shabani ndi ku Mashaba m'dziko la Southern Rhodesia. Lero malowa amatchedwa Zvishavane ndi Mashava, ku Zimbabwe. Inalinso ndi mgodi wa Havelock ku Swaziland. Amuna ambiri a ku Tete kuno ndi a ku Nyasaland, pothawa chibalo ndi pofuna ndalama za msonkho, anaoloka Zambezi kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Ena mwa iwo anakumba amianto. Mpaka lero ku Zvishavane kuli mabanja olankhula chinenero chathu.

Ku South Africa kunali migodi ya amianto wofiirira ku Penge, ndi ya wabuluu cha ku Prieska ndi ku Kuruman. Mu 1949 dokotala wa boma, Gerrit Schepers, anapita ku Penge. Anapeza ana aang'ono ali m'kati mwa matumba akuluakulu, akupondaponda ulusi kuti ulowe wambiri, fumbi likuwagwera pamutu, kapitawo ataima pambali ndi chikwapu.

Patapita zaka zingapo, dokotala wina dzina lake Sleggs, wa pachipatala cha chifuwa chachikulu ku Kimberley, anadabwa ndi chinthu china. Odwala ambiri ankachira ndi mankhwala a TB, koma ena ochokera kudera la migodi ya amianto wabuluu ankamwalira ngakhale amwe mankhwala omwewo. Iye ndi anzake awiri, Wagner ndi Marchand, anafufuza. Mu 1960 analengeza za odwala 33 a mesotelioma. Mwa iwo, 32 anapumako fumbi la amianto wabuluu. Ambiri sanali okumba ayi. Ena anangokulira pafupi ndi mgodi, kusewera pa milu ya zinyalala zake ali ana.

Taonani tsono: 1924, 1931, 1960. Ankadziwa. Koma migodi inapitirira, pakuti phindu linali lalikulu ndipo moyo wa wantchito wakuda unkayesedwa wotsika mtengo. Munthu akayamba kutsokomola ankamupatsa tikiti yobwerera kwawo. Akafika kumudzi n'kumwalira, abale ankati ndi chifuwa chachikulu, ena ankati walodzedwa, n'kuyamba kulozana zala pachibale. Mfiti yake inali fumbi.

Mgodi wa Penge unatsekedwa mu 1992, wa Havelock mu 2001. Anthu pafupifupi 7,500 a ku South Africa anasumira kampani ya Cape kukhoti la ku London, ndipo analandira chipukutamisozi mu 2003. Ambiri anamwalira mlandu usanathe. Koma anaonetsa kuti antchito akagwirizana, ngakhale kampani yaikulu imayankha.

6. LAMULO LIKUTI BWANJI?

Mu 1986 bungwe la mayiko loona za antchito linapanga pangano nambala 162, lonena za kuteteza antchito ku amianto. Dziko la Britain linaletsa amianto yense mu 1999. Portugal ndi mayiko anzake a mgwirizano wa ku Ulaya analetsa mu 2005. South Africa inaletsa mu 2008.

Dziko lathu la Mozambique linaletsa mu 2010, ndi lamulo lotchedwa Decreto 55/2010. Lamuloli limaletsa kupanga, kuitanitsa kunja, kutumiza kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito amianto.

Koma lamulo silitsitsa denga. Malata amene anakhomedwa kale akadali pamwamba pathu, ndipo akukalamba. Mu Marichi 2019 namondwe Idai atagunda Beira, madenga ambiri a lusalite anasasuka n'kuphwanyika, ndipo zidutswa zake zinali mbwee m'misewu ndi m'mabwalo. Anthu ambiri anazitola ndi manja, osadziwa. Mphepo yotere ingafike paliponse. Komanso mayiko ena, monga Russia ndi Kazakhstan, akukumbabe amianto, choncho zipangizo zina za galimoto zolowa m'misika zingathe kukhala naye.

Masiku ano kuli malata a simenti opangidwa ndi ulusi wina wosaopsa. Pamaso amafanana ndi akale. Ndi maso okha sitingasiyanitse. Tsono lamulo lathu likhale ili: lata lotuwa lakale lililonse tiliyese kuti lili ndi amianto.

7. TICHITE CHIYANI?

Choyamba, tisachite mantha n'kuthamangira kukagwetsa madenga. Kugwetsa mwaphuma kumatulutsa fumbi lambiri kuposa kulisiya. Ndiponso mbewu zathu zifuna denga. Ngati lata lili lathunthu, tilisiye. Tisakwerepo, pakuti lusalite wakale amathyoka mosachenjeza ndipo munthu amagwa. Tisapale ndere zake ndi bulashi ya waya. Ngati tifuna kulipaka penti, tipake osapala.

Chachiwiri, tisacheke, tisaboole, tisaphwanye. Makina odulira amagetsi ndiwo oipitsitsa: amatulutsa fumbi ngati utsi.

Chachitatu, denga likaonongeka kotero kuti liyenera kutsika, komiti ya kooperativa iyambe yapita ku boma la distrito kukafunsa ngati kuli anthu ophunzitsidwa ntchitoyi, ndiponso malo otayira. Safunsa anadya phula. Ngati ophunzitsidwa palibe ndipo ntchito singadikire, titsate izi:

(1) Ana, amayi apakati, ziweto ndi onse osagwira ntchitoyo achoke, apite kutali, kumbali kumene mphepo ikuchokera. Mbewu ndi ufa zitulutsidwe m'nyumbamo ntchito isanayambe.

(2) Tisankhe tsiku lopanda mphepo.

(3) Tinyowetse malata ndi madzi osakaniza sopo pang'ono, ndi kheni yothirira ndiwo. Akayamba kuuma, tithirenso. Fumbi lonyowa siliuluka.

(4) Timasule kapena tidule misomali ndi mabawuti, osati lata. Lata litsike lathunthu, polandirana ndi manja kapena ndi chingwe. Osaponya pansi.

(5) Ogwira ntchito avale zophimba pamphuno zenizeni za fumbi losalala, zolembedwa FFP3 kapena P3, zogwira bwino kumaso. Mpango, chitenje kapena kansalu ka pamphuno sizitchinga tiulusi timeneti. Tisadzinamize.

(6) Pantchito osadya, osamwa, osasuta.

(7) Zinyenyeswa tisasese ndi tsache louma. Tinyowetse, titole ndi fosholo, tipukute ndi nsanza yonyowa. Nsanzayo itayidwe pamodzi ndi zinyenyeswa.

(8) Tikulunge zonse m'pulasitiki yolimba, kawiri, timange bwino, tilembepo ndi zilembo zazikulu: AMIANTO. NGOZI. Apa ndi pamene kudziwa kulemba kumapulumutsa munthu.

(9) Tisataye mumtsinje, m'munda kapena m'maenje a mumsewu, mmene mawilo a ngolo adzazipera kukhala fumbi. Tisatenthe: amianto sapsa, ndipo lata lake limaphulika pamoto. Zikwiriridwe pamalo amene aboma atiuza, ndipo malowo adziwike kuti wina asadzalimepo kapena kukumbapo chitsime.

Chachinayi, zovala. Mfundo iyi amayi aimve bwino, abambonso aimve bwino. M'mayiko ambiri akazi anadwala mesotelioma osapondako kumgodi kapena kufakitale. Ankangokutumula ndi kuchapa ovolosi ya amuna awo. Ana anadwala chifukwa chokumbatira bambo awo pobwera kuntchito. Tsono zovala za ntchito imeneyi zisalowe m'nyumba. Zinyowetsedwe, zivulidwe pomwepo, osazikutumula. Chabwino koposa ndi kuvala zakutha zimene tingazitaye pamodzi ndi zinyenyeswa. Munthu asambe thupi lonse ndi tsitsi lomwe asanapite kwawo.

Chachisanu, makaniko athu. Fumbi la mabuleki lisapemereredwe ndi pakamwa kapena ndi pampu ya mpweya. Lipukutidwe ndi nsanza yonyowa. Pogula mabuleki atsopano tifunse ngati alibe amianto, ndipo tiwerenge zolembedwa pabokosi.

Chachisanu ndi chimodzi, tisagule ndipo tisagulitse lusalite wakale, ngakhale mtengo wake ukhale wotsika bwanji. Wina akatipatsa waulere, tikane mwaulemu. Zidutswa zimene zili kale pamakola ndi m'madimba tizisonkhanitse monga tawerengera pamwambapa.

8. MAFUNSO AMENE ANZATHU AMAFUNSA

“Ine ndagona pansi pa lusalite zaka 40, sindinadwale. Si bodza limeneli?”

Si bodza, agogo. Tanena kuti denga lathunthu silitulutsa fumbi lambiri. Komanso si onse opuma fumbili amene amadwala, monga si onse owoloka mtsinje wa ng'ona amene amagwidwa. Koma palibe amene amatuma mwana wake kukasambira pamenepo.

“Ndinachekapo lusalite kamodzi chaka chatha. Ndiye kuti ndifa?”

Musataye mtima. Ngozi imakula ndi kuchuluka kwa fumbi ndi kutalika kwa nthawi. Ya tsiku limodzi ndi yaing'ono. Koma muyeso woti apa palibiretu ngozi sunapezeke. Tsono musabwerezenso, ndipo ngati mumasuta, lekani.

“Ndalama zogulira malata atsopano tizitenga kuti?”

Funso ili ndi lolemera, ndipo yankho lachidule palibe. Munthu mmodzi sangathe. Koma mutu umodzi susenza denga. Kooperativa ingathe kupatula kandalama pa zokolola za chaka chilichonse, n'kuyamba ndi denga loonongeka koposa, makamaka pamene pamakhala ana. Ingathenso kulemba kalata ku boma la distrito yonena za denga la sukulu kapena la chipatala. Kale kalata yotere tikanapempha wina kuti atilembere. Lero tilemba tokha.

9. KWA AMENE ANAGWIRA NTCHITO M'FUMBI

Pakati pathu pali madala amene anakumba ku Shabani kapena ku Mashaba. Pali amisiri amene anafolera nyumba zambiri ndi lusalite, okonza mapaipi, amakaniko, ogwira ntchito kunjanji ndi kudoko. Kwa inu tikuti:

Mukaona befu losatha, chifuwa chopitirira milungu iwiri, kupweteka m'nthiti, kuonda, kapena magazi m'makhololo, pitani kuchipatala msanga. Akakuyezani TB, ndipo n'koyenera, pakuti TB ndi yofala ndipo imachizika. Koma musaiwale kuuza anamwino kapena adokotala ntchito imene munkagwira, malo ake ndi zaka zake, ngakhale papita zaka 40. Dokotala sangalote. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati mwamwa mankhwala a TB mokhulupirika koma simukupeza bwino, bwererani mukanene, ndipo mufunse za kujambula chifuwa.

Mapepala akale a kuntchito, makadi ndi ziphaso, musakolezere moto. Asungeni. Ndiwo umboni wanu.

Ndipo ife tonse tidziwe kuti matenda a amianto sapatsirana. Wodwala tidye naye, ticheze naye, timulimire munda wake.

MAWU ATSOPANO

amianto: mwala wa ulusi umene supsa ndi moto
lusalite: malata a simenti yosakaniza ndi amianto
asbestose: kuuma kwa mapapo chifukwa cha zipsera
mesotelioma: khansa ya kachikopa kokuta mapapo kapena za m'mimba
chipukutamisozi: ndalama zolipira munthu amene wapwetekedwa

TIYANKHE

1. Tchulani malo atatu m'mudzi mwathu pamene pangapezeke amianto.
2. Kodi fumbi la amianto likusiyana bwanji ndi chitedze?
3. Chifukwa chiyani tiyenera kunyowetsa lata tisanalitsitse?
4. Mayi amene sanagwirepo ntchito kumgodi angadwale bwanji?
5. Kodi mpango umatchinga fumbi la amianto?
6. Dziko lathu linaletsa amianto chaka chiti?

TIWERENGERE

1. Nellie Kershaw anamwalira mu 1924. Mozambique inaletsa amianto mu 2010. Panapita zaka zingati?
2. Bambo wina anayamba ntchito kumgodi mu 1972. Anayamba kuchita befu mu 2007. Matenda anabisala zaka zingati?
3. Denga lili ndi malata 48. Malata 9 ndi osweka. Athunthu ndi angati?
4. Kooperativa ili ndi mamembala 40. Aliyense apereka mametikali 250 pa chaka. Pa zaka 3 zidzakhala ndalama zingati?

TILEMBE M'MAKOPE MWATHU

Fumbi la amianto silioneka.
Sindicheka lusalite.
Ndinyowetsa ndisanatole.
Zovala za fumbi sizilowa m'nyumba.

NTCHITO YA PAGULU

Sabata ino tigawane m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse litenge kope ndi pensulo, liyende mbali imodzi ya mudzi. Lilembe nyumba iliyonse, khola lililonse ndi paipi iliyonse ya lusalite, ndipo pambali pake lilembe liwu limodzi: “wathunthu” kapena “wosweka”. Tiyang'ane ndi maso okha, osagwira, osakwera padenga.

Gulu lina lichezere akuluakulu amene anagwira ntchito kumigodi kapena yofolera nyumba. Liwafunse mwaulemu kumene anagwira, zaka zake, ndi mmene akupumira masiku ano. Amene alola, mayina awo alembedwe kuti komiti iwathandize kupita kuchipatala.

Zolemba zonse tibwere nazo pa phunziro lotsatira. Tidzaziwerenga pamaso pa komiti, ndipo tidzasankha pamodzi denga loyamba kukonzedwa.